Fyuluta ya "mpweya wozizira" pa Vitz yanga, chilimwe chitadutsa

Ndalama zomwe ndasiya kwa makaniko sabata yatha ndi zimene zandichititsa kulemba izi. Ndikunena za fyuluta yofiira yosongoka ija imene anyamata amaika m'malo mwa bokosi la eya kilina (chosefera mpweya wolowa mu injini) lobwera ndi galimoto. Yanga ndinaikitsa mwezi wa Juni pa Toyota Vitz ya 1.3, wogulitsa wina wa ku Limbe atalumbira kuti injini izikoka mpweya wozizira ndipo petulo azikhalitsa.

Imachapika, ndipo ukaponda imalira mokoma. Zabwino zake zathera pomwepo.

Nthawi ya chiperoni sindinaone vuto, komanso mafuta sanasinthe kathedwe. Zinthu zinaonekera poyera mu Okutobala. Tikukwera ku Ku Chawe anthu anayi masana, galimoto inangolemera pa makona aja, phazi lili pansi koma liwiro osaoneka, m'injini mukumveka kuti tsetsetse pang'ono. Msewu womwewo kale inkakwera osadandaula. Makaniko wanga wa ku Chinamwali analumikiza kamakina kake koyezera injini pansi pa chiwongolero, injini ikulira galimoto ili chiimire. Mpweya wolowa unapitirira madigiri 60. Anatsegula boneti n'kuloza: fyuluta ili kuseri kwa rediyeta, fani ikazungulira imaiuzira mpweya wonse wotentha. Bokosi la ku fakitale lija linali ndi kapaipi kokokera mpweya kutsogolo. "Achimwene, mwagula mpweya wozizira koma injini ikumwa nthunzi," anatero.

Zomwe ananena wogulitsayo si zabodza zonse ayi. Mpweya wozizira ndi wothinana, ndipo kutentha kukakwera ndi madigiri 10, mpweya wolowa mu silinda umachepa ndi pafupifupi 3 peresenti. Koma kompyuta ya galimoto imayeza mpweyawo n'kuthira petulo wolingana nawo, magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Mpweya ukachuluka petulo amachulukanso. Choncho mpweya wozizira umakupatsa mphamvu, sukusungira ndalama. Ndipotu pa msewu wa fulati ngati wa ku Liwonde, ukamayenda mofatsa, mpweya wofundirako suvuta konse. Vuto limabwera mpweyawo ukatenthetsa pamene injini ikukoka katundu: petulo amafuna kuphulika nthawi isanakwane, kompyuta imachedwetsa moto wa ma pulagi kuti injini isagogode, mphamvu imatsika, iwe n'kumaponda kwambiri. Mafuta amathera pamenepo. Kuno ku Zomba, kumene kupita kulikonse kuli ndi chitunda, zimenezi si zazing'ono.

Chomwe chandikwiyitsa kwambiri n'chachiwiri. Fyulutayi amaipaka oyilo kuti izigwira fumbi. Oyiloyo pamodzi ndi fumbi la misewu yathu ya kumudzi cha ku Jali zinakamatirira pa kawaya kopyapyala ka sensa yoyeza mpweya, yomwe pa Toyota imayezanso kutentha kwake. Nyali ya injini inayaka, galimoto n'kumanjenjemera ikaima. Tinatsuka, inakhala bwino kwa kanthawi, zinayambiranso. Sabata yatha ndagula sensa ina, yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo mtengo wake waposa wa fyuluta yomweyo. Masiku ano a mizere pa filing'i siteshoni, lita iliyonse yotayika imandiwawa.

Pena m'mawa kukazizira ndikamva kulira kwake fyulutayi ndimaikondabe, sindinama. Koma ndinamuimbira wogulitsa uja. Yankho lake linali loti galimoto yanga ndi yokalamba, bwana, ndipo katundu akatuluka sabwezedwa. Nditafunsa za bokosi langa lakale, lomwe anyamata ake anachotsa tsiku lija n'kuliponya kuseri kwa shopu, anati lilipo, koma tsopano ndi la pa shelefu. Akufuna ndiligule.