Ndinalipira ndalama ya firiji, koma insulin inafika itawonongeka

Ndikulembera anzanga amene mumatumiza mankhwala a jakisoni kwa abale kudzera kwa anthu onyamula katundu pamsewu, chifukwa ine ndinataya timabotolo khumi ta insulin ta mayi anga, amene amadwala matenda a shuga.

Polandira katunduyo, mkulu wa onyamula katunduwo analonjeza kuti bokosilo likhala pozizira ulendo wonse, kenako anawonjezera ndalama ina imene sanaitchule pafoni, n'kunena kuti ndi ya firiji. Ndinalipira mosawiringula. Galimoto inachedwa kunyamuka ndi masiku anayi, ndipo m'masiku amenewo anyamata ake anaponya bokosi langa mufiriza, poganiza kuti kuziziritsa kwambiri ndiko kusamala. Mchemwali wanga atatsegula anapeza timabotolo titatu titang'aluka kunsi, pepala la malangizo litanyowa, fungo la mankhwala lili thoo m'bokosi monse. Madzi akaundana amafufuma ndi pafupifupi 9 peresenti, ndipo galasi lopyapyala ngati limeneli silipirira nthawi zonse. Totsalato tinkaoneka tabwinobwino, koma namwino analamula kuti titayidwe tonse, pakuti insulin imasungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo ikangoundana kamodzi siidalirikanso ngakhale itasungunuka. Nditadandaula anandiyankha kuti palisiti panalembedwa "zozizira" basi. Ndalama sanabweze, ndipo foni yanga anasiya kuyankha.

Musanyengekenso ndi amene amadzitama kuti ali ndi dry ice, mpweya wa carbon dioxide woundana umene amaziziritsira katundu. Alipo mankhwala ofunikadi kuyenda ali oundana, koma dry ice amazizira kufika madigiri 78.5 pansi pa ziro, ndipo pamenepo kachotsekera ka labala kamatha kuuma n'kuleka kugwira bwino pakamwa pa botolo. Mpweya umalowa, mankhwalawo akafunda chotsekeracho n'kubwerera m'malo mwake, moti wolandira sazindikira kalikonse. Bokosi lakenso siliyenera kumatidwa kotheratu, chifukwa dry ice sasungunuka kukhala madzi, amasanduka mpweya umene ungathe kuliphulitsa.

Tsopano ndimagwiritsa ntchito kampani yonyamula katundu wachipatala pandege. Ndi yodula, sindikana, koma inandifunsa kalata ya dokotala, inalemba madigiri oyenera palisiti m'manambala, inaimika timabotolo m'timipata tosiyana, ndipo inakulunga mapaketi oziziritsa kuti asakhudze galasi. M'bokosimo anaikamonso kachipangizo kolemba kazizidwe ka ulendo wonse, mchemwali wanga n'kunditumizira chithunzi chake asanatulutse n'kabotolo kamodzi komwe. Kwa apamsewu aja ndimangopereka zovala ndi mabulangeti.