Otomatiki siimodzi: zomwe ndaona pa msewu wa Salima

Ndimagula mpunga ku Lifuwu ndi nsomba zouma ku Senga Bay n'kukagulitsa ku Lilongwe, ndiye kwa ine galimoto ndi khasu. Ndakhala nazo zitatu, zonse za otomatiki, zonse zochokera ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam. Chomwe ndinachidziwa mochedwa, ndalama zitapita kale, n'chakuti dzina loti otomatiki limabisa zinthu zosiyana kwambiri. Pa giya timangoona P, R, N ndi D, koma za m'kati mwa giyabokosi sizifanana.

Yoyamba inali Toyota Probox ya 2008 ya magiya anayi. Imeneyi ndi otomatiki yachikale, ija ili ndi torque converter. M'malo mwa kilatchi, mphamvu ya injini imadutsa mu oyilo: gudumu lina la mapiko limakankha oyilo, oyiloyo n'kuzunguza gudumu linzake. Nzeruyi ndi yakalekale, ku America galimoto za Buick zinali nayo kale mu 1948, ndiye amakaniko athu akuidziwa mpaka kumchira. Pa Kamuzu Road pomwe pano alipo oti akhoza kuimasula n'kuibwezera.

Probox ija ndimaikumbukira mpaka lero. Ndikadzaza matumba a mpunga, inkanyamuka pang'onopang'ono osanjenjemera, chifukwa oyilo uja amalola kuterereka popanda chopsa. Mumchenga wa kugombe inkayenda mofatsa ngati ng'ombe ya pangolo. Pokwera mapiri a ku Mvera ndi ku Chezi inkakonda kusinthasintha pakati pa giya yachitatu ndi yachinayi, koma ndikadina batani la O/D, lotseka giya yachinayi, inkakhazikika. Pobwerera, potsetsereka, ndinkaika pa 2 kuti injini igwire galimoto, mabuleki asatenthe. Inalinso ndi kandodo koyezera oyilo, ndipo Loweruka lililonse ndinkakasolola n'kuona ngati oyilo akadali wofiira. Vuto lake ndi limodzi, koma lalikulu: imamwa. Magiya anayi ndi ochepa, injini imazungulira kwambiri pa msewu wautali. Nthawi ya mizere ya petulo ija, pomwe munthu unkagona pa filing'i sitesheni, ndi pomwe ndinaigulitsa.

Ndinagula kagalimoto kena ka CVT. Mu CVT mulibe magiya oti n'kuwawerenga. Muli mapule awiri omwe amatseguka ndi kutsekeka, ndi lamba wachitsulo pakati pawo. Ukaponda moto injini imalira mawu amodzimodzi ngati ya boti la asodzi, liwiro likukwera lokha, osamva kusintha kulikonse. Miyezi yoyamba ndinasangalala nako. Petulo yemwe kale ankathera panjira tsopano ankandifikitsa ku Lilongwe n'kutsalako.

Koma lamba uja amagwira mapule chifukwa cha kupanikizidwa basi, ndipo oyilo wake ndi wapadera, wopangidwa kuti chitsulo chigwire chinzake osaterereka. Apa ndi pomwe ambiri tikugwera. Ndinapita pa galaja ina kukasinthitsa oyilo, mnyamata wa pamenepo n'kuthira ATF, oyilo wamba wofiira uja wa otomatiki yachikale. Ndinamufunsa, iye anati, "Bwana, otomatiki ndi otomatiki, oyilo ndi yemweyu." Sipanathe miyezi iwiri galimoto inayamba kunjenjemera ponyamuka ndi kulira kamluzu. Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa lili pamutu, ndikukwera ku Mvera ndi katundu, injini inangolira koma matayala osalandira mphamvu. Tinachita kuinyamula pa lole. Nanenso ndinali ndi mbali yanga, chifukwa kagalimoto ka banja ndinkakasenzetsa katundu wa pikapu, ndipo kakatitimira mumchenga ndinkakagwedeza pa D ndi R, zomwe zimakanda mapule.

Makaniko wina wachikulire atatsegula anapeza tizitsulo ta lamba titadzaza pansi pa giyabokosi. Anandiuza mosabisa kuti CVT ikafika pamenepo kuno sitikonza, timangogula ina yakale ku Lilongwe n'kuika, ndipo yakaleyo sudziwa kuti yayenda bwanji. Inu amene muli ndi CVT, chonde werengani dzina la oyilo pa chigubu musanalole kuti athire. Nissan amafuna NS-2 kapena NS-3 malinga ndi chaka cha galimoto, Toyota ali ndi TC ndi FE, Honda zatsopanoko zimafuna HCF-2. Zambiri zilibe n'komwe kandodo koyezera, ndiye anthu amangoyenda mpaka tsiku la tsoka. Dziwaninso kuti dzina la galimoto silokwanira. Probox kuyambira 2014 inasintha n'kukhala ya CVT, ndipo ma Sienta ambiri omwe akunyamula anthu pakati pa Kaphatenga ndi Nkhotakota ndi a CVT. Ndikawaona atadzaza mpaka chitseko cha kumbuyo chomangidwa ndi chingwe, mtima umandipweteka.

CVT sindikuinyoza. Kwa mphunzitsi kapena namwino woyenda ndi banja lake pa tala, wosintha oyilo woyenera pa nthawi yake, ndi yabwino ndithu.

Ya makilatchi awiri, yomwe amaitcha DCT kapena DSG, ndinaiyendetsa sabata imodzi, ya alamu anga. Volkswagen anayamba kugulitsa mtundu umenewu mu 2003, ndipo kuno umapezeka mu Polo, Golf ndi Honda Fit ya hybrid (yoyendera petulo ndi magetsi) yoyambira 2013. Kwenikweni ndi giyabokosi ya manyuwo yomwe kompyuta imakupondera kilatchi: kilatchi ina imagwira giya 1, 3, 5, inayo 2, 4, 6, ndiye giya yotsatira imakhala itakonzeka kale. Pa tala wosalala imasintha ngati mphezi, petulo imamwanso pang'ono. Koma pa msewu wa M5 popita ku Benga, pomwe umayenda chokwawa kuzemba maenje, kilatchi imangokhudza theka nthawi yonse, ndipo zamagiya asanu ndi awiri zambiri makilatchi ake ndi ouma, opanda oyilo wowaziziritsa. Kutentha kwa kunyanja kuno sikuwachitira chifundo. Ikadwala pamafunika makaniko wa kompyuta. Ine sindingagule pokhapokha nditasamukira m'tauni.

Pano pakhomo pali Toyota Aqua, yomwe amayendetsa kwambiri ndi mayi a kunyumba. Pa mapepala amailemba kuti e-CVT, ndipo dzinalo linandiopsa nditakumbukira za ku Mvera. Koma mulibe lamba, mulibenso kilatchi yosinthira magiya. Muli timagiya tozungulirana tomwe timagawa mphamvu pakati pa injini ndi mamota awiri amagetsi, monga zilili mu Prius kuyambira 1997. Pa zonse zomwe ndayesa, iyi ndi yomwe sindiiganizira n'komwe, ndipo pa petulo palibe yoiposa. Nkhawa ili pa batire lalikulu la pansi pa mpando wakumbuyo. Lili ndi kafani koliziziritsa, ndipo fumbi la kuno likatseka kamalo kopumirako batire limatentha, ndiye ndimakapukuta kawirikawiri. Galimotoyo ndi yotsikanso, njira ya ku Lifuwu nthawi ya dzinja siyake, ndipo matumba a mpunga sindiikamo.

Za mpungazo ndabwerera komwe ndinayambira. Loweruka likudzali ndikupita ku Nkhotakota kukaona Probox ya 2012 yomwe bambo wina akugulitsa. Ndikasolola kandodo, ndikanunkhiza oyilo ngati sakumveka kupserera, ndikaika pa R ndi pa D injini ili yozizira kuti ndimve ngati ikuchedwa kugwira. Kenako ndikawapempha kuti tikweze matumba asanu tikayese pa chitunda cha msewu wa ku Kasungu.