Dayale ya amayi: yothandiza, koma guluu wake ndi wachabechabe

Ndinaigula mu Januwale pa shopu ina ya mabuku ku Old Town ku Lilongwe. Ndine mlembi wa banki mkhonde yathu, ndipo kabuku kanga kakale kanali katadzaza. Ndinkangofuna mizere yolembamo masheya ndi ngongole basi, za amayi otchuka zomwe zili m'katimo ndinalibe nazo ntchito.

Tsamba la Malichi ndilo linandigwira. Mwezi uliwonse umayamba ndi mbiri ya mayi mmodzi, ndipo pamenepo panali mayi Rose Chibambo, omwe aja ali pa K200. Ndalama imeneyi ndaipinda kangati pa mpango osadziwa kuti mu 1959 atsamunda anawamanga atangochira kumene, n'kulowa m'ndende ya Zomba khanda lili m'manja? Tsikulo ndinawerengera anzanga pa msonkhano tisanayambe kusonkha. Amayi ena achikulire anatulutsa K200 yawo m'chikwama n'kuiyang'anitsitsa ngati akuiona koyamba.

Mulinso mayi Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi m'dziko muno, amene anatuluka m'ndende mu 1993 atakhalamo zaka pafupifupi 12, komanso Wangari Maathai wa ku Kenya wodzala mitengo uja. Mwana wanga wa Folomu 2 anaseka osakhulupirira atawerenga kuti kuyambira 1973 mpaka 1993 lamulo linkaletsa mkazi kuvala thalauza kuno. Iye amati ndi nthano za agogo.

Masiku ofunika analembamo kale: 8 Malichi tsiku la amayi pa dziko lonse, 15 Okutobala tsiku la anakubala, ndi masiku 16 olimbana ndi nkhanza, kuyambira 25 Novembala mpaka 10 Disembala. Tsamba la bajeti ya mwezi landithandiza kuona kuti makala akundidyera ndalama kuposa ndiwo.

Tsopano zodandaula. Yonse ili m'Chingerezi, choncho powerengera gulu ndimachita kumasulira ndekha. Malo a Loweruka ndi Lamlungu anawapanikiza m'kabokosi kamodzi, chonsecho ife zinkhoswe, misonkhano ya Mvano ndi ya banki zimagwa masiku omwewo. Amene anaikonza ayenera kuti moyo wake umathera Lachisanu. Tchati cholembapo masiku a kumwezi n'chabwino, koma anachiika kutsogolo kwenikweni, pamene aliyense wobwereka kuti aone ngongole yake amayambira kutsegula. Ndinachimata ndi pepala.

Chachikulu ndi guluu. Pofika Juni masamba anayamba kuthothoka, ndipo tsamba lina la ngongole ndinalipeza pansi pa mpando wa minibasi, mwamwayi ndisanatsike. Pa mtengo umene ndinapereka, zimenezi zinandiwawa.

Ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Ya chaka chamawa ndigulanso, koma ndikangotuluka nayo m'shopu ndidzadzera kaye kwa wosoka nsapato aipyoze ndi ulusi.