Maphunziro a Chemistry a mu labotale pa sukulu ina ku Salima

Mwana wanga wa Fomu 3 ndinamulembetsa maphunziro a patchuthi amene sukulu ina yoyima payokha ya m'tauni ya Salima imachititsa mu labotale yake, chifukwa ku CDSS kumene amaphunzira, burette, kachubu kagalasi kodontheza madzi moyeza, amangoiona pa chithunzi cha m'buku, chonsecho mayeso a MSCE amafuna kuti wophunzira agwire yekha zipangizo.

Chimene chinandikhutiritsa kwambiri ndi titration, njira yoyezera mphamvu ya mankhwala osungunuka m'madzi. Wophunzira aliyense ankayeza yekha 25 cm³ ya sodium hydroxide ndi pipette, n'kudonthezamo phenolphthalein kuti madziwo asanduke apinki, kenaka n'kumatsitsa asidi wa hydrochloric dontho limodzilimodzi mpaka mtunduwo utazimirira, ndipo aphunzitsi sankalandira zotsatira za munthu amene sanabwereze katatu. Anawatsindikiranso kuti posungunula asidi wamphamvu, asidiyo ndi amene amathiridwa m'madzi, osati madzi mu asidi, popeza kusakanizako kumatulutsa kutentha kwambiri.

Chodandaulitsa n'chakuti magalasi oteteza maso anali ochepa moti ana ankabwerekana, ndiponso chipindacho chimatentha masana, monga mukulidziwa dzuwa la kuno kunyanja, mpaka ena ankavula makoti awo. Makolo anzanga, mufunse kaye za magalasiwo musanalipire.