Njinga yamagetsi pa kabaza: nyenyezi zitatu, ndipo mnyamata wapasiteshoni uja sindinamukhululukire

Izi ndikulembera inu amene mukufunsa ku inbox kuti mugule njinga yamagetsi kapena ayi. Ndikanalemba Lachisanu lomwe yanga inandithera batire panjira ndikanapereka nyenyezi imodzi, mwinanso osapereka n'komwe. Ndadikira mtima uzizire kaye. Njingayi ndinaitenga pangongole mwezi wa June 2024 kwa anthu aja ogulitsa njinga zosintha mabatire kuno ku Lilongwe. Dipoziti ndi zolipira pamlungu mukuzidziwa nonse amene munakafunsapo, sindibwereza. Ndimagwira kabaza pasiteji ina ku Area 25, ndipo ndisanatenge iyi ndinayendetsa ya petulo zaka zinayi.

Tsiku lake linali la mu January, mvula itangokata masana. Ndinanyamula mayi wina, kasitomala wanga wakale, wogulitsa nsomba zaziwisi. Anali atapikula chambo m'tauni, tinamanga beseni lake kumbuyo, iye n'kukhala pakati, ulendo wa ku 25. Ponyamuka ndinayang'ana pawotchi ya njinga, timizere tosonyeza mphamvu ya batire titatu mwa tisanu. Timizere titatu timandifikitsa ku 25 n'kubwereranso m'tauni, ndayesa kambirimbiri. Koma titangodutsa Area 18, tili mu M1 kulowera ku Kanengo, timizere tija tinazimirira tonse kamodzi, njinga n'kungoti zii pakati pa msewu, lole kumbuyo ikuimba hutala.

"Achimwene, mwatani?"

"Batire yatha, mayi."

"Nanga simunati ili bwino?"

Ndikanayankha chiyani? Ya petulo ikakuthera mafuta umaipendeka, umatsegula rizevu, pena umapempha mnzako kuti akupopereko m'kabotolo. Iyi ikati yagona, yagona. Ndinaikankha, beseni lili pomwepo, mayi akutsatira pambuyo chitenje chili matope okhaokha. Amene simunaikankhepo dziwani kuti batire yakeyo ndi yolemera ngati mwana wasukulu, ndiye onjezani chambo. Tinayenda choncho pafupifupi theka la ola mpaka pasiteshoni yawo yosinthira mabatire.

Apa ndiye pamene pali nkhani yanga. Ndinapeza kamnyamata kovala malaya a kampani katakhala pampando, maso pafoni. Ndinapereka moni, osayankha. Ndinabwereza. Kanangotukula mutu pang'ono n'kuti, "Aise, palibe. Magetsi anazima m'mawa." Aise! Mwana wochepa kuposa chitsirizira wa kwathu, kunena ine, pamaso pa kasitomala. Ndinameza. Ndikusuzumira m'kati ndinaona mabatire awiri pashelefu yapansi, timagetsi take tobiriwira tikuyaka, kusonyeza kuti ngodzadza. Ndinamulozera.

"Awo ndi osungitsa."

Osungitsa? M'pepala lomwe tinasainirana mulibe mawu oti batire imasungitsidwa. Muli mawu oti ukabweretsa yakutha umalipira, amakupatsa yodzadza, wofika msanga ndiye woyamba. Ndinamufotokozera mwaulemu kuti mayiwa nsomba zawo ziwonongeka, dzuwa latulukanso, andithandize. Iye maso pafoni. Tili chiimire choncho, panafika mnzake wina pa njinga ngati yangayo, anagundana zibakera, n'kumupsinyira kenakake m'manja, "ya fanta". Batire imodzi inatuluka ine ndikuona ndi maso angawa. Magazi anandithamanga, ndinamva makutu kutentha. Akanapanda mayi aja kundigwira mkono n'kunena kuti, "Achimwene, musadzipalamulire mlandu chifukwa cha chambo changa," bwenzi lero ndikulemba nkhani ina.

Mathero ake ndinaimitsa mnzanga wa njinga ya petulo, tinasamutsa beseni, ndinamulipira ine kuchokera m'thumba mwanga chifukwa manyazi anali anga. Anyamata apasiteji anandiseka mlungu wathunthu. "Bwana wa tochi wafika!" "Lero mwatchaja?" Ndinakhala pasiteshoni paja mpaka 6 koloko madzulo magetsi atayaka, tsiku lonse la Lachisanu, lomwe ndi tsiku la ndalama, litapita pachabe. Koma ya ngongole Lolemba anaifunabe yonse.

Ndinaimba kuofesi kwawo katatu, osayankha. Kachinayi anayankha mayi wina, ndipo ameneyu ndimuyamikire. Anamvetsera mpaka ndinamaliza kulalata, anatenga nambala ya batire ija, ndipo patapita masiku awiri anandiimbira yekha kunena kuti inali yowonongeka m'kati, n'chifukwa chake inkanamiza pawotchi, aichotsa pamzere. Anandipatsa masiku awiri osintha batire osalipira. Za mnyamata uja anangoti "tilankhula naye". Akadali pomwepo, pampando womwe uja.

Tsono chilungamo ndinene, poti mkwiyo wokha sungakuthandizeni amene mukuganiza zogula. Kumapeto kwa 2024, nthawi ya mizere ya mafuta ija, njinga imeneyi inandidyetsa ine ndi ana anga. Anzanga omwe ankanditchula wa tochiwo ankagona pamalo omwetsera mafuta, udzudzu ukuwadya, kudikira thanki yomwe mwina sibwera. Pampu inkalemba K2,530 pa lita, koma mafutawo analipo? Kwa azigubu mtengo mukuudziwa nokha. Ine ndinkadutsa pambali pa mzere wonsewo mwakachetechete, kasitomala kumbuyo, wina akundidikira kale pasiteji. Miyezi imeneyo sindinaphonyepo ngongole ngakhale mlungu umodzi, ndinagulanso malata asanu ndi matumba awiri a feteleza otumiza kumudzi.

Ngakhale masiku oti mafuta alipo, chomwe ndimalipira posintha batire patsiku sichifika pa zomwe ndinkathira petulo. Oyilo sindisinthanso, pulagi kulibe, kabyuleta yoti izitsekeka ndi mafuta a m'zigubu osakaniza ndi parafini kulibe. Zotsala ndi matayala, mabuleki ndi tcheni, zomwe makanika aliyense wa ku Biwi amakonza. Madzulo malaya sanunkha utsi, ndipo dzanzi lija ndinkamva m'manja chifukwa cha kunjenjemera kwa injini linatha. Azimayi oyembekezera ndi agogo amaikonda, akuti siwagwedeza m'mimba. Kuipa kwa chete wakeyo n'koti anthu sakumva ukubwera. Ana m'makwalala a ku 25, mbuzi, woledzera, onse umangowadzidzimutsa. Chala changa chimakhala pa hutala tsiku lonse.

Ogulitsa aja anandiuza kuti batire imodzi imayenda makilomita ambiri ndithu. Ndi munthu mmodzi wowonda pamsewu wa tala, mwina. Ukanyamula munthu ndi thumba la chimanga, m'matope a dzinja, chotsapo gawo limodzi mwa magawo atatu. Ulendo wa ku Mitundu kapena ku Lumbadzi ndimaukana, chifukwa kulibe kosinthira, ndipo amenewo ndi maulendo a ndalama zooneka.

Patsiku lotenga njinga anatikhazika pansi n'kutiphunzitsa zoti tikuteteza chilengedwe. Ine ndinkangoganiza za dipoziti yanga, koma pambuyo pake ndakhala ndikuzisinkhasinkha, makamaka maola aja ndinakhala pasiteshoni. Mbali ina akunena zoona. Petulo sitikumba kuno. Amachokera kunja, kudzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndipo amagulidwa ndi madola omwe dziko lilibe. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, lita inalumpha kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 ija, ife akabaza tinamva tsiku lomwelo. Pomwe magetsi ambiri a m'dziko muno ndi a madzi athu a mu Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Kuyendetsa njinga ndi madzi a mu Shire n'kwanzeru kuposa kuyendetsa ndi madola, pamenepo sinditsutsa.

Koma madziwo nawonso ali ndi nyengo zawo. Mukukumbukira mu January 2022 namondwe Ana atagumula damu la ku Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 anachoka kamodzi, ndipo tinakhala mumdima wosinthanasinthana mpaka 2023. Ndikanakhala ndi njinga imeneyi chaka chimenecho, bwenzi ndikuikankha tsiku ndi tsiku. Ndipo matope ndi zinyalala zomwe zimatseka makina mu Shire zimachokera kumapiri omwe tinameta mitengo. Chomvetsa chisoni n'choti katundu amene ndimanyamula kwambiri m'mawa pa njinga "yoteteza chilengedwe" imeneyi ndi matumba a makala, chifukwa ndi omwe anthu a m'tauni muno amaphikira. Kwathunso timaphikira omwewo.

Siteshoni yawo ina ya m'tauni ili ndi masola padenga, ndipo kumeneko sindinabwererepo chimanjamanja. Dzuwa lilipo lambiri, ku Salima ndi ku Golomoti kuli minda yathunthu ya masola yothira magetsi m'mawaya a dziko lonse. Nanga chikuwakanika n'chiyani kuika denga lomwelo pasiteshoni ya mnyamata uja? Akanaika, sipakanakhala mabatire awiri okha odzadza, ndipo iye sakanapeza pochitira katangale wa fanta. Vuto langa Lachisanu lija linayambira pa batire yonama, koma linakula chifukwa siteshoni ndi zochepa ndipo zimadalira waya umodzi.

China chomwe sanandiyankhe mpaka lero: batire yowonongeka ija anaipititsa kuti? Ndinafunsa mayi wa kuofesi uja, anati ili m'sitolo. Mabatire agalimoto akale timawaona anyamata akuwaswa kuseri kwa magalaja, madzi ake n'kumathira pansi pomwepo. Awa ndi a mtundu wa m'foni, akuluakulu, ndipo akayaka moto savomera kuzima msanga. Akachuluka otha ntchito, sitoloyo idzadzadza. Komanso batire ndi kabokosi koyendetsa mota zonse n'zoitanitsa kunja ndi madola omwe aja. Mnzanga wina kabokosi kake katapsa ndi madzi anaimika njinga milungu itatu kudikira sipeya, ngongole ikuwerengabe, ndipo makanika wamba sangakakhudze.

Ndiye amene mukufunsa ku inbox kuti mugule kapena ayi: ngati siteji yanu ili pafupi ndi siteshoni ziwiri, osati imodzi, ndipo maulendo anu ndi a m'tauni momwemuno, tengani, ndalama muziona. Mukapatsidwa batire lembani nambala yake, ndipo ikangotsika timizere tiwiri mofulumira bwezani tsiku lomwelo. Ngati muli kumudzi kapena mumadalira maulendo ataliatali, sungani kaye ya petulo.

Ine ndikadali nayo, yatsala miyezi yowerengeka kuti ikhale yangayanga. Posintha batire ndimalolera kupita kusiteshoni ya m'tauni, kutali, kusiyana n'kukaona nkhope ya mnyamata uja. Mayi wa nsomba anabwerera, amandiimbirabe Lachisanu lililonse. Koma asanakwere amawerama kaye n'kuwerenga yekha timizere pawotchi, ndipo tikachepera tinayi beseni salimanga.