Khobidi la siliva la Yellowstone, ndi njati yooneka ubweya

Ndinaligula chifukwa cha njati basi. Pa kakhobidi wamba ka masenti 25 kamene timaponya m'makina ochapira zovala kuno ku America, njati ya ku nkhalango yotetezedwa ya Yellowstone imangooneka ngati kachiphuphu. Pa lalikululi mumaona ubweya wa pa linunda lake, ndi madzi a kasupe wotentha wotchedwa Old Faithful akuthovoka kumbuyo kwake. Ndinakhala nalo pawindo madzulo onse, kumangolitembenuza.

Lili ngati chivundikiro cha botolo la jamu: masentimita 7.6 m'mimba mwake, koma ndi lopyapyala. Mukalinyamula ndiye mumadziwa kuti si choseweretsa, chifukwa limalemera magalamu 155, siliva weniweni wa .999, ndipo zimenezi anazilemba m'mphepete mwake. Chosekesa n'chakuti mtengo wolembedwapo ndi masenti 25 omwewo! Ndi limodzi mwa makhobidi 56 a America the Beautiful amene anatuluka kuyambira 2010 mpaka 2021, lililonse ndi nkhalango kapena malo ake a mbiri. La Yellowstone ndi la chaka choyamba, pamene a mtundu ngati langali anangopanga 33,000 a chithunzi chilichonse.

Makhobidi amenewa ali pawiri. Langa ndi lowala, lopanda chilembo, logula kwa ogulitsa siliva. Ena ali ndi chilembo P cha fakitale ya makhobidi ya ku Philadelphia, ndi osanyezimira, ndipo amadulirapo.

Chimene chinandikwiyitsa ndi wogulitsa wa pa intaneti amene anandigulitsa khobidili. Anangoliika m'kathumba ka pulasitiki kofewa, lafika ndi kamkwalasa patsaya la George Washington, yemwe nkhope yake ili kumbali inayo. Kachikuto kolimba kolikwana ndinachita kukagula padera. Mufunse kaye mmene adzalikulungire musanalipire.

Ngati cholinga chanu n'kusunga siliva wodzagulitsa mawa, ili si lanu. Mumalipira zochuluka kuposa mtengo wa siliva wake, ndipo wa shopu ya makhobidi wa m'tauni mwathu atangoona mkwalasa uja anatchula mtengo wa chitsulo chokha.

Ine sindinakhaule. Mwezi watha ndagula la 2020 la American Samoa, lija la mleme wolendewera chadodolido utafungatira mwana wake. Mayi akunyumba angoliyang'ana n'kuti, "Bambo a ana, mileme m'nyumba muno ayi." Likugona m'dirowa ya masokosi.