Kutikita thupi pambuyo pa opaleshoni ya pamimba: zimene ndinapeza ku Senga Bay

Mu Seputembala ndinapita ku Johannesburg kukachitidwa opaleshoni yochotsa khungu lolendewera ndi mafuta a pamimba, imene madokotala amaitcha abdominoplasty, chifukwa nditabereka ana atatu kudzera pa mpeni, khungu la m'munsi mwa mimba yanga linkanyowa ndi thukuta n'kumasupuka chilimwe chilichonse. Dokotala anandilola kubwerera kwathu kuno ku Salima atandichotsa timapaipi totulutsa madzi pabala, ndipo anandilangiza kuvala lamba wothina usana ndi usiku kwa masabata 6, komanso kupeza munthu wodziwa kutikita kofewa kumene kumathandiza kuti kutupa kuphwe.

Ku Lilongwe anthu otere alipo, koma ulendo wa makilomita pafupifupi 100 pa minibasi, kawiri pa sabata, bala lisanapole bwino, sindikanaukwanitsa. Mnzanga wina wa ku tchalitchi ndi amene anandiuza za kachipinda kotikitira minofu pa malo ena ogona alendo ku Senga Bay, kumene ndinapitako maulendo 10.

Chimene chinandikhazika mtima pansi tsiku loyamba n'chakuti mayi amene amagwira ntchitoyi anakana kundigwira asanaone kalata ya dokotala. Anasamba m'manja, anayang'ana chipsera chonse kuchokera m'chiuno mbali ino kufika mbali inayo, anandifunsa ngati thupi linatenthapo, kenako anafinya pang'ono akatumba a miyendo yanga n'kufunsa kuti, "Amayi, apa pakupweteka?" Anafotokoza kuti mwendo umodzi ukatupa ndi kupweteka, n'kutheka kuti magazi aundana mumtsempha, ndipo kutikita munthu wotero kungachititse kuti chimbulu cha magazicho chithamangire ku mapapo. Wodwala wotere, anatero, amamubweza kuti apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Kutikita kwakeko kunandidabwitsa chifukwa cha kupepuka kwake. Ine ndinazolowera kutikita kwa agogo kumudzi, kofinya mpaka munthu kubuula, koma apa zala zinkangokoka khungu pang'onopang'ono ngati munthu akusalaza ufa pamphasa. Njirayi imatchedwa manual lymphatic drainage, ndipo anaiyambitsa ndi Emil Vodder wa ku Denmark pamodzi ndi mkazi wake Estrid m'zaka za m'ma 1930. Pansi penipeni pa khungu pali timitsempha tonyamula madzi a m'thupi kupita nawo ku timabuli ta m'khosi, m'khwapa ndi mphechepeche, tija timatupa munthu akakhala ndi mwanabele. Mpeni wa dokotala umadula timitsempha timeneti, choncho madzi amasowa njira n'kudzadza pamwamba pa chipsera. Mayiwa ankayamba m'khosi ndi m'khwapa, kenako n'kumakankhira madziwo m'mwamba, popeza njira yotsikira mphechepeche inali itadulidwa. Pofika ulendo wachinayi, lamba uja ndinayamba kumumanga pa ngowe yachiwiri, ndipo kulemera kumene ndinkamva madzulo aliwonse, ngati ndamangirira chigubu cha madzi pamimba, kunachepa ndithu. Mbali ina ya kuchiraku inali ya nthawi ndi lamba, zimenezo ndikuvomereza, koma tulo tabwino ndinkagona usiku wa tsiku limene ndatikitidwa.

Mayi wotikita uja anandipulumutsanso pa chinthu china. Apongozi anga, mwa chikondi chawo, ankaumirira kundithowa ndi madzi otentha monga amachitira ndi mayi amene wangobereka kumene. Nditawauza mayi aja, anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Amayi, chonde musalole. Khungu la pansi pa mchombo lidakali ndi dzanzi, mungapse osamva kanthu." Anandikanda ndi chikhadabo pamalopo, ndipo zoonadi sindinamve chilichonse.

Dandaulo langa lili pa mwini malowo. Kuyambira ulendo wachiwiri anayamba kundinyengerera kuti ndilipire ndalama zowonjezera pa chimene amachitcha kuumba thupi, kumene amagwiritsa ntchito timitengo tosema tokhala ngati mipini ndi zikho, njira imene amati inachokera ku Colombia, ndipo ankandilonjeza kuti chiuno chidzalowa m'kati ndi mafuta otsala adzasungunuka. Kutikita kwa mtundu uliwonse sikusungunula mafuta, ndipo kukanikiza mtengo pamimba imene minofu yake yasokedwa kumene n'kuika moyo wa munthu pachiswe chifukwa cha ndalama. Ndinalembera dokotala wanga pa WhatsApp ndipo anandiletsa. Wotikita uja nayenso anandinong'oneza kuti ndisavomere, zimene zinandionetsa kuti iye ndi abwana ake sakuona nkhaniyi mofanana, ndipo ndikuda nkhawa ndi mayi wina amene angafike tsiku limene iye kulibe.

Chipindacho n'chaukhondo, nsalu amasintha munthu aliyense akachoka, koma magetsi akazima fani imaima, ndipo kutentha kwa mu Okutobala m'mbali mwa nyanja, munthu utavala lamba wothina, n'kosapiririka. Mtengo wake ndi wa alendo odzaona nyanja, ngakhale anandichotserako pang'ono nditalipiriratu maulendo asanu.

Kwa amene wachitidwa opaleshoni yotere ndipo amakhala ku Salima kuno, malowa ndingamuuze kuti apiteko, koma atatenga kalata ya dokotala wake, atafunsa kumene wotikitayo anaphunzira ntchitoyi, ndipo atakana timitengo tija. Apemphe nthawi ya m'mawa dzuwa lisanakwere, ndipo apeze galimoto yomutenga pakhomo, chifukwa tsiku limodzi limene ndinakwera njinga yamoto ya kabaza pobwerera, mabampu a pamsewu anandipweteketsa chipsera mpaka m'mawa mwake.